Malasha akadzatha, ku Mualadze kudzatsala chiyani?

Chapa (minibasi) ya ku Zóbuè sinyamuka pa Moatize isanadzaze, ndipo tsiku limenelo okwera ankabwera mmodzimmodzi. Dzuwa la ku Tete linali paliwombo, fumbi lakuda la kumgodi likutera pamalaya a wolemera ndi wosauka yemwe. Tonse tinathawira pamthunzi pomwe mayi wina amagulitsa masau ndi malambe. Ine ndinapeza mwala n'kukhala, pakamwa pali chete, makutu ali tcheru, poti pasiteji m'pamene milandu ya dziko imazengedwa popanda chisamani.

"Abweranso," anatero mkulu wina wa imvi yemwe anakhalira thumba la ufa, uku akudzikupiza ndi chipewa. "Galimoto yoyera, mabuku m'manja, akulemba maina kwathu ku Mualadze. Ulendo uno akuti atipatsa nkhuku."

"Nanga nkhuku n'zoipa, agogo?" anafunsa kondakitala, diso lina lili kumsewu kusaka okwera.

"Nkhuku n'zabwino, mdzukulu wanga. Koma anawauza ndani kuti tikufuna nkhuku? Tikalira madzi, kumabwera nkhuku. Tikalira munda wolimika, kumabwera maphunziro a masiku atatu ndi sikipa yolembedwa kumsana. Masikipa ndili nawo okwanira kuyambira kaunjika."

Anthu anafa nacho chiseko, koma mwini nkhani sanaseke.

Kwa inu amene simunafikeko, Mualadze ndi mudzi wochita kumangiridwa. Anthu ake ambiri anachokera ku Capanga, m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, komwe ankalima madimba, kuwedza nsomba, kuumba njerwa ndi kugulitsa mchenga ndi miyala kwa omanga m'tauni. Mgodi wa Benga utafuna malo, mabanja mazanamazana anasamutsidwira kumtunda kouma, makilomita pafupifupi 50 kuchokera kwawo. Nyumba za simenti ndi malata anazipeza, koma mtsinje anausiya, msika anausiyanso. Masiku oyambirira madzi akumwa ankachita kubwera pagalimoto. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za mavutowa mu 2013, ndipo la Oxfam linalembanso mu 2015.

"Amene tinayamba kukambirana nawo anali a Riversdale," mkuluyo anapitiriza akuwerenga ndi zala. "Tisanazolowere nkhope zawo, mu 2011 kunabwera a Rio Tinto. Mu 2014 nawonso analongedza, mgodi unapita kwa amwenye a ICVL. Eni mgodi amasintha, ife ndi omwe aja, njalanso ndi yomwe ija. Ndiye lonjezo la woyamba ukalifunse kwa ndani?"

Bambo wina wa magalasi, yemwe anzake ankamutchula kuti aphunzitsi ngakhale choko anasiya kale, anapinda nyuzipepala yake. "Madala akunena zoona. Rio Tinto inagula Riversdale pamtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Patangotha zaka zitatu, inagulitsa migodi yake ya kuno pa madola 50 miliyoni basi. Vale, amene anasamutsa anzathu a ku Cateme, nayenso anagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni, ndipo pofika 2022 anali atatsanzika. Chifundo cha kampani chimakwera ndege limodzi ndi kampaniyo."

Apa m'pamene analowerera bambo wina wa chikwama chakuda, malaya opisira, nsapato zonyezimira ngakhale panali fumbi lonselo. Anayamba wakonza kukhosi.

"Abale anga, tisamayankhule ngati palibe chikuchitika. Ine ndinakhalapo mu Conselho Consultivo, komiti yolangiza boma la dera, ndiye zinthuzi ndimazidziwa. Kuyambira 2013, boma limapatula 2.75 peresenti n'kubweza kumadera komwe kukukumbidwa. Kuno ku Moatize, Cateme imatchulidwa, 25 de Setembro imatchulidwa, Chipanga II ndi Benga chimodzimodzi. Ndalama zimenezo n'za zipinda zophunziriramo, zipatala zing'onozing'ono, mijigo, misika, misewu ndi timilatho. Ndipo mu 2022 lamulo linakonzedwanso. Pano ndi 10 peresenti: 7.25 ya chigawo ndi maboma ake, 2.75 ya kumudzi. Ameneyo si mwayi?"

Mayi wa masau anasiya kuyeza chipatso m'kambale. "Pepani ashefi, ine kusukulu sindinapite patali. Peresenti mukunenayo ndi ya chiyani? Ya malasha onse amene sitima zija zikunyamula usana ndi usiku?"

Ashefi anayang'ana kwa aphunzitsi, ndipo aphunzitsi anatola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi.

"Ayi mayi, si ya malasha. Ndi ya msonkho umodzi wokha, umene kampani imalipira pa zimene yakumba. Lamulo la msonkho wa migodi la 2014 linaika 3 peresenti pa malasha. Tiyeni tiwerenge. Malasha a mametikali 1,000 atuluka. Msonkho wake ndi mametikali 30. Pa 30 ameneyo chotsanipo 2.75 peresenti. Mwapeza zingati?"

Kondakitala, amene masamu a ndalama sam'vuta, anatsinzina pang'ono. "Metikali imodzi siikukwana, aphunzitsi."

"Siikukwanadi. Pa 1,000 aliyense, kumudzi kumabwerera kachidutswa kosakwana metikali."

"Kambale kanga aka n'kodula kuposa pamenepo," anatero mayi uja, ndipo chiseko chinabukanso.

Ashefi sanagonje. Anati malasha otuluka ku Moatize ndi matani mamiliyoni pachaka, choncho tizidutswato tikaunjikana timakwana mamiliyoni a mametikali. Pamenepo ananena zoona, ndipo palibe anatsutsa. Anawonjezera kuti kugawa ndalama ndi ntchito yowawa kuposa kuzipempha.

"Inu mumaona ngati kukhala mukomiti n'kudya," anatero mawu atakwera. "Mapempho amabwera mulu, ndalama ili ya zinthu ziwiri. Uku akufuna mjigo, uku akufuna denga la sukulu, uku mayi wapakati akuberekera panjira. Ukasankha mjigo, a sukulu akuti wadya. Ukasankha sukulu, a mjigo sakupatsanso moni. Nthawi zina ndalama imafika chaka chili kumapeto, mvula yayamba, womanga akuthamangitsidwa kuti amalize. Ndiye khoma likang'ambika mumati ndi ife."

Ndinamumvera chisoni pang'ono, chifukwa zimenezi zimachitikadi kulikonse kumene anthu ochepa amagawira anthu ambiri. Koma mayi wa masau anali asanathane naye.

"Zomveka, ashefi. Koma mukomitimo munalowa bwanji?"

"Ndinasankhidwa."

"Ndi yani?"

"Ndi... atsogoleri a dera."

"Atsogoleriwo anasankhidwa ndi yani?"

Ashefi anatsegula chikwama, anayang'anamo, n'kuchitsekanso. Mnyamata wa njinga yamoto amene ankamvetsera ali chikhalire panjinga yake analiza hutala kawiri, anthu n'kuwomba m'manja.

"Nanga munakhalamo zaka zingati?" mayiyo anapitiriza. "Ndipo pa zaka zimenezo, munaimapo liti pamsika pano n'kutiwerengera kuti chaka chino zabwera zakutizakuti, tagula chakutichakuti, zatsala zakutizakuti? Ife kumpingo, ngakhale ya chopereka cha Lamulungu, msungichuma amaiwerenga pamaso pa anthu. Ku banki m'khonde bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Ife osaphunzira tikutha zimenezi. Inu a mataye chikukuvutani n'chiyani?"

Mkulu wa ku Mualadze anagwedeza mutu. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma kwathu kuno wotsekula chitseko ndi wina, wodwala m'mimba ndi wina."

Posakhalitsa nkhani inafika pa ndalama zija anthu a ku Mozambique sadzaziiwala, za "sete milhões". Mu 2006, pa ulamuliro wa Armando Guebuza, boma lililonse la kumudzi linayamba kulandira mametikali 7 miliyoni pachaka, ndipo pambuyo pake thumbalo linatchedwa Fundo de Desenvolvimento Distrital. Cholinga chinali chabwino: anthu abwereke, alime, ayambe timabizinesi, alembe anzawo ntchito, abweze kuti ena abwerekenso. Makomiti omwewa a Conselho Consultivo ndi amene ankaunika mapempho. Zotsatira zake zimadziwika dziko lonse: zobwezedwa zinali zochepa kwambiri, ndipo madandaulo oti odziwana ndi akuluakulu ndiwo ankatsogola sanasowe.

"Mwaona!" ashefi anapezerapo mpata. "Anthu inu simubweza. Mumati ndalama ya boma ilibe mwini."

"Anthu ake ati?" anafunsa wa njinga yamoto. "Mukanamata maina a obwereka pakhoma, bwenzi tikuwadziwa. Munthu sangadye ngongole ya mudzi wonse n'kumadutsa pamsika mutu uli m'mwamba, ngati aliyense akudziwa kuti ndi iyeyo. Chinsinsi n'chimene chinadya ndalama zija."

Chapa inadzaza, tinapanikizana anayianayi, thumba la ufa lili pamiyendo ya ashefi. Titangotuluka m'tauni tinaona sitima ya malasha, mabogi osatha kuwerenga. Njanji zochoka ku Moatize ndi ziwiri: ya Sena yopita ku Beira, ndi inzake ya makilomita oposa 900 yodutsa m'Malawi, pa Nkaya ndi Nayuchi, mpaka kudoko la Nacala-a-Velha. Mkulu uja anailoza ndi chibwano.

"Mukuiona iyo? Ndi yokhayo imene imatsegula makutu a akuluakulu. Mu Januwale 2012 anzathu a ku Cateme, atatopa ndi nyumba zong'ambika ndi minda ya miyala, anakakhala panjanji. Apolisi anabwera ndi ukali, koma pambuyo pake nyumba zinayamba kukonzedwa. Mu 2013 oumba njerwa anatseka njira ya kumgodi. Mu Okutobala 2018 a ku Bagamoyo, ku Moatize konkuno, analowa mumgodi momwemo chifukwa cha fumbi, makina anaima. Nanga mpaka liti munthu azigona panjanji kuti amumve? Komiti ija ntchito yake si imeneyo, yotimva tisanafike pogona panjanji?"

M'chapa munangoti zii. Ngakhale ashefi anayang'ana panja. Pamphambano yolowera kwawo mkuluyo anatsika, kondakitala anamutula thumba lake, ndipo anatsanzika aliyense mwaulemu, ndi ashefi omwe.

Tinafika pa Zóbuè mphepo ya kumapiri itayamba kuwomba. Mathiraki anali ndondondo kudikira mapepala olowera ku Mwanza, anyamata osintha ndalama akuthamangira aliyense wotsika, mipukutu ya makwacha ndi mametikali ili m'manja. Aphunzitsi ndi ashefi anakhala pabenchi la wowotcha nyama ya mbuzi, mkangano uli mkati, ine n'kukhala chakumapeto. Dalaivala wina wa thiraki wa ku Malawi, amene ankadya pomwepo, anamvetsera kwa kanthawi kenako anapukuta m'manja.

"Achimwene, ndilowerereko. Ine msewu uwu ndi kwathu: Blantyre, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Joni. Pamalire a Zimbabwe ndi South Africa timawoloka pa Beitbridge. Mukudziwa kuti Beit ameneyo anali munthu wa migodi ngati anzanu a malashawa? Anamwalira kalekale, koma ndalama zake zikugwirabe ntchito. Ku Blantyre kuli chipatala cha mafupa chotchedwa Beit CURE, ana opindika miyendo amatulukako akuyenda."

Adalaivala sananame. Alfred Beit analemera ndi diamondi wa ku Kimberley ndi golide wa ku Johannesburg, ndipo atamwalira mu 1906 anasiya chuma m'manja mwa matrasiti. Chuma chimenecho chinamanga mlatho wa pa Limpopo mu 1929, wa Birchenough pa mtsinje wa Save mu 1935, ndi wa pa Chirundu mu 1939. Mpaka lero Beit Trust imathandiza sukulu ndi zipatala ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, ndipo chipatala cha ku Blantyre chija chinatsegulidwa mu 2002.

Mnyamata wosintha ndalama, amene anaima pafupi akuwerenga mpukutu wake, anatsonya. "Ameneyo sanali mnzake wa Cecil Rhodes? Chuma chimenecho anakumba ndi agogo athu, ena anafera kumigodi komweko. Lero tiziwomba m'manja chifukwa watibwezera mlatho?"

"Usawombe, mphwanga," anayankha aphunzitsi. "Mbiri yake ndi yomwe wanenayo, ndipo matrasiti ake sanasankhidwe ndi agogo ako. Koma taona kamangidwe ka thumbalo. Mpamba sadya, amauika poti uzibala, n'kumagawa phindu lokha. Mlimi wanzeru njala ikavuta amadya za m'nkhokwe, koma mbewu amaisiya patsindwi. Ife za malasha tikudya ndi mbewu yomwe. Ya chaka chino ithe chaka chino, ya chaka chamawa tidzaona. Tsiku limene sitima yomaliza idzanyamuke pa Moatize, 2.75 peresenti ya chinthu chosakumbidwa idzakhala zingati?"

"Ziro," anatero mnyamatayo mosaganiza kawiri.

Ashefi anaoneka ngati apeza pothawira. "Ndiye bwanji tikhazikitse thumba lotero kuno? Anthu odziwa zinthu ngati ife tikhoza kuliyendetsa."

Adalaivala anaseka mpaka kutsamwa. "Pamenepo ndiye pali ngozi, bwana. Ife kwathu tinazionapo. Press Trust anaikhazikitsa Kamuzu mu 1982, ankati ndi ya mtundu wa Amalawi. Koma amene ankalamula zonse anali iye mwini ndi anthu ake. Zinatengera kusintha kwa boma kuti Nyumba ya Malamulo ikonze zinthu mu 1995, ndipo nkhaniyo inakafika mpaka kukhoti lalikulu la apilo, lomwe linagamula mu 1997 kuti lamulolo likhale. Pano ili ndi masheya ambiri mu Press Corporation, ndipo phindu lake limamanga midadada ya sukulu ndi zipatala. Thumba ndi lomwe lija, chinasintha ndi oligwira ndi malamulo owamanga manja. Mukangoti 'anthu odziwa zinthu ngati ife', mwayamba kale kulakwitsa."

Aphunzitsi anawonjezera kuti nzeru yosunga si yachilendo ku Mozambique. Kumapeto kwa 2023 aphungu ku Maputo anavomereza lamulo la Fundo Soberano, loti pa ndalama za gasi wa ku Cabo Delgado, 40 peresenti izisungidwa m'zaka zoyambirira, 60 izilowa mubajeti. "Gasi wayamba dzulodzuloli ali kale ndi nkhokwe yake. Malasha a Vale anayamba kutuluka mu 2011, ndipo Moatize ilibe thumba lakelake losungira mawa. Chimene tasunga ndi maenje ndi chifuwa."

Mapepala a adalaivala anatuluka, anatsanzika n'kukaliza thiraki yake. Ashefi anaitanitsa nyama ina, koma ndinaona kuti mawu awathera.

Ine wongomvetsera ndinatolapo izi. Anthu onsewa, kuyambira mayi wa masau mpaka mnyamata wa mipukutu, palibe anapempha kuti awonjezeredwe nkhuku. Palibenso amene anati ogawa onse ndi akuba, pakuti ngakhale ashefi ananena zoona kuti kusankha pakati pa mjigo ndi sukulu kumasowetsa tulo. Chimene akudandaula n'choti thandizo limakonzedwa iwo kulibe, ogawa amasankhidwa iwo kulibe, ndipo chiwerengero chimathera m'zikwama. Ndalama zochepa zogawidwa poyera zimamanga mudzi, pomwe zambiri zogawidwa mseri zimangodanitsa anthu.

Zofunika kukonza sizikulira katswiri wochokera kunja. Ndalama ya 2.75 peresenti ikafika, chiwerengero chake chimatidwe pakhoma la sukulu ndi pamsika, chiwerengedwenso pawailesi m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, osati m'Chipwitikizi chokha. Okhala mukomiti asankhidwe pabwalo ndi anthu amene adzamwe madzi a mjigowo, amayi ndi achinyamata akhalemo, ndipo nthawi yawo ikakwana atuluke ena alowe. Wa mukomiti amene m'bale wake wapempha thandizo kapena kontirakiti adzipatule pokambirana. Pempho likakanidwa, mwini wake auzidwe chifukwa. Ndipo makampani amene akukumba lero, pamodzi ndi boma, apatule gawo loti lisadyedwe, likhale mpamba wa mzinda wa Moatize ndi midzi yake, lolembedwa mwalamulo kuti mwini mgodi akasintha, thumbalo lisasinthe naye.

Inu a ku Mualadze, Cateme, 25 de Setembro, Chipanga ndi Benga, lamulo linakupatsani kale gawo lanu, ndiye kufunsa si mwano. Pamsonkhano wotsatira musatuluke musanamve mayankho a mafunso atatu: chaka chino zabwera zingati, wasankha zochita nazo ndani, ndipo zasungidwa zingati za ana athu malasha akadzatha.